Kapepala ka Mayi Lini

Likhubula, Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Wapita ku Boma kukalukitsa tsitsi, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndilembe msanga usanabwere. Kalatayi ndiyika m'kachikwama kako ka pasipoti. Usaitsegule mu minibasi ya ku Blantyre mawa, anthu angamafunsane ngati ukupita kusukulu kapena kumaliro. Ukaiwerenge ndege itanyamuka, pamene sungathenso kubwerera kudzandiyang'ana m'maso.

Dzulo unandipempha kapepala kaja Mayi Lini anasiya, kolembedwa keyala yawo m'zilembo za kwawo. Unati dzina la mzinda wawo umalikumbukira, ndipo kuchokera kumene ukukaphunzira ku China ndi ulendo waufupi pa sitima, ukufuna uzikawaona pa zikondwerero zawo. Ine ndinati kapepalako kanadyedwa ndi chiswe. Utaumirira ndinamenyetsa mbale pansi n'kukuuza kuti ukupita kukaphunzira unamwino, osati kukayendera azakhali ako. Ndinanama, mwana wanga. Kapepalako kalipo, ndakapinda m'kalata muno. Likhubula yonse imadziwa kuti Fane sabisa mawu, amanena chinthu mmene chilili ngakhale pamaso pa abusa, koma pa nkhani iyi yokha ndabisa zaka zisanu ndi zitatu. Ndikufuna ukawapeze mayi amenewo. Koma usakagogode pakhomo pawo usakudziwa chimene mayi ako anawachita.

Ukukumbuka kuti nditasiya kuthyola tiyi ndinalowa ntchito kukhichini ya kampani ija ya Atchaina imene inkamanga milatho ndi kukonza msewu. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Lini, mkazi wa kapitawo wamkulu, ndiwo ankaphikira anthu a kwawo, ine wothandiza. Chichewa chawo chinali mawu makumi awiri, Chitchaina changa mawu asanu, zotsalazo manja ndi kukalipirana, pakuti nawonso mtima unali pafupi ngati wanga. Ku China sindinapondeko. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, kuwerenga kwenikweni ndinaphunzirira m'buku la nyimbo ndi m'makope ako akale. Koma zikondwerero za anthu amenewo zinadutsa m'manja mwangamu zaka zitatu, chifukwa chikondwerero chilichonse chimayambira kukhichini. Ndiye undimvere, ngakhale uli ndi masatifiketi.

Chachikulu koposa ndi Chaka Chatsopano chawo. Sichigwa pa 1 Januwale ngati chathu. Iwo amatsata mwezi, ndiye chimabwera kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, kuno chimanga chikumasula. Chaka choyamba tinakolopa masiku atatu, mpaka kudenga, mpaka kuseri kwa firiji. Tsiku lenilenilo ndinalawirira, ndinapeza pabwalo pali mbwee timapepala tofiira ta makombola, makoko a mtedza ndi a malalanje. Mkazi wa ku Mulanje, wolangidwa bwino, angadutse pabwalo lotero manja ali m'chiuno? Ndinatenga tsache. Sindinasese kawiri, ndinangomva tsache latsomphoka m'manja.

"Fane! Tsache ayi! Lero ayi!"

Magazi anandikwera. "Kodi mwandiona ndikukuberani zinyalala? Ngati ntchito yatha nenani, osati kundilanda tsache ngati mwana wa kunazale!"

Ndinamasula epuloni, ulendo wa kunyumba. Masana kunabwera Che Adamu, dalaivala wa kampani uja wa ku Limbuli amene ankamvako chinenero chawo. Anatsika galimoto akuseka mpaka kugwira chitseko.

"Amake Tadala, inu mumafuna kuwasesera mwayi wa chaka chonse kudzala! Tsiku la lero sasesa, sataya zinyalala, sakalipa. Inu mwaphwanya ziwiri mwa zitatuzo tiyi asanawire!"

"Nanga bwanji osalemba pachitseko?"

"Analemba, mayi. Mapepala ofiira ali mbali zonse za chitseko aja mumayesa makatani?"

Anabwera ndi mbale ya timitanda taufa toika nyama m'kati, tija iwe unkatitcha timakutu, ndi envelopu yofiira yolembedwa dzina lako. Munthu ndamukalipira m'mawa, masana akutumizira mwana wanga mphatso. Ndinadya timakututo, koma pepani sindinanene.

Tadala, ukaona chinthu chachilendo, funsa usanakwiye. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka utope nawo. Tsiku limenelo usasese m'chipinda, ngakhale mnzako wogona naye atamwaza makoko mpaka pabedi pako. Uvale chofiira, ndakuikira bulauzi ija. Usavale zoyera zokhazokha, kwawo ndi za maliro. Wamkulu akakupatsa envelopu yofiira landira ndi manja awiri monga ndinakuphunzitsira, ndipo usaitsegule iye akuona. Makombola usawaope. Agogo ako, amene anathawa nkhondo ku Mozambique ine ndili kumsana, atawamva koyamba anakulunga bulangete n'kuyamba ulendo wa kuphiri, tinakawapeza pa mlatho akupuma. Iwo anali ndi chifukwa chothawira. Iwe ulibe, ukaime panja uonerere.

Mayi Lini ankandiuza ndi manja kuti masiku amenewo mzinda umakhuthuka ngati msika wa Limbuli mvula ikagwa. Aliyense amapita kwa makolo ake, sitima zimadzaza, timasitolo timatseka. Ndiye ugule mpunga, mazira ndi sopo pasadakhale, usadzagone ndi njala m'dziko la eni chifukwa cha uchitsiru. Kuzizira kwake akuti kumaposa pamwamba pa phiri mu Juni, majuzi uvale awiri, za fashoni usiye. Mnzako wa m'kalasi akakuitanira kwawo, pita. Usakane chifukwa cha manyazi kapena poopa kuti ugwira timitengo todyera molakwika. Munthu amene wakuitana pa tsiku limenelo wakupatsa mpando wa mwana wa m'nyumba. Pakatha masabata awiri amapachika nyali m'misewu yonse, ndipo anthu awiriawiri amalowa m'chinsalu chonga mkango n'kumavina ng'oma zikulira. Ndinaziona pa foni ya Mayi Lini. Si zilombo za kudambwe, usathawe. Ujambule unditumizire, ndikawaonetse amayi a kumjigo.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunakhudza mkono wako. Kunali mu Juni, chiperoni chikuwaza. Nthawi imeneyo kwawo amapikisana pa mabwato aataliatali okhala ndi mutu wa chinjoka, ndipo amadya mpunga womata wokulunga m'masamba a nsungwi. Masamba aakulu oterowo anasowa, Mayi Lini nkhope ili gwa. Ine ndinapita kuseri n'kudula a nthochi, ndinawaonetsa mmene timawaulira pamoto tikamakulunga mkate. Iwo anandionetsa kupinda kwa makona, zanga zikumasuka m'poto zonse. Tinaseka tsiku limenelo mpaka misozi, palibe anamva mnzake mawu ndi amodzi omwe. Iwe unabwera pochokera kusukulu, anakukhazika pa ndowa, n'kukumanga pamkono ulusi wopota wa mitundu isanu. Nditacheuka ndinaona chinthucho chili pa mwana wanga.

"Chithumwa? Pa mwana wa mayi wovala yunifolomu ya kutchalitchi?"

Ndinaudula pomwepo ndi mpeni wa anyezi. Unalira, kaya ukukumbuka. Mayi Lini anawerama, anatola ulusiwo, anaupukuta fumbi n'kuika m'thumba la epuloni. Anabwerera ku mapoto awo. Che Adamu atamva anangopukusa mutu, anati ulusi umenewo amamangira ana a m'nyumba mwawo kuti matenda awalambalale, samangira mwana wa aliyense. Ndipo taganiza, ine wodula ulusine, ndine ndemwe ndinakumanga mkuzi m'chiuno uli khanda agogo ako ataumirira, abusa osadziwa. Wa kwathu ndinautcha mwambo, wa eni ndinautcha ufiti.

Sindikukuuza kuti ukasiye Mulungu wako, ayi. Baibulo lako lili m'sutikesi, ukaliwerenge. Koma munthu akakupatsa chinthu ndi mtima wabwino, suyenera kukhulupirira zimene iye amakhulupirira kuti unene zikomo. Ngati mtima ukukana, ukavule uli wekha m'chipinda, osati ndi mpeni pamaso pake. Funsa usanakwiye, Tadala. Ndipo za mabwatozo ukaonere, ukalawire msanga kuti upeze poima, usakankhane ndi anthu m'mphepete mwa madzi, iwe kusambira kwako ndi kwa mu Likhubula kofika m'mawondo.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ngati galu wofuna pogona.

Chinali chaka chachitatu, fumbi litayamba, mitengo ya mango ikuchita maluwa. Ndinaweruka, koma ndili panjira ndinakumbuka kuti ndasiya mpango, ndinabwerera. Dzuwa linali litapendeka, anyamata a pamsewu akubweza mafosholo. Kuseri kwa khichini, m'mbali mwa kanjira ka kumtsinje, ndinapeza Mayi Lini atanyonyomala. Anali atalemba mzere wozungulira pansi ndi khala, m'katimo akuwotcha mapepala achikasu limodzilimodzi. Pambali panali mbale ya mpunga, malalanje atatu ndi maswiti. Ankalankhula motsitsa ngati munthu wonyengerera mwana kuti adye, ndinamva akutchula dzina lina kamodzi. Kenaka anatulutsa kadiresi kopangidwa ndi pepala, kakang'ono, ka mtsikana.

Mutu wanga unathamangira kwa iwe. Ndinakumbuka ulusi uja anatola n'kusunga, ulusi umene unakhudza thupi lako. Kadiresi ka mtsikana, moto, mzere pansi, kunong'ona. Mwana wanga, kwathu kuno zinthu zimenezi zikakumana pamodzi timadziwa dzina lake. Sindinafunse. Panali ndowa ya madzi otsukira mbale pakhomo. Ndinainyamula n'kukhuthulira pamotopo, mbale ija ndinaimenya theche, malalanje anagubuduka mpaka m'ngalande.

"Mfiti inu! Mwana wanga simumudya! Kadyeni a kwanu!"

Ndinakuwa mmene umandidziwira, anyamata onse aja anamva. Ndinkayembekeza kuti andibwezera, pakuti pa mchere wokha tinkakalipirana mpaka agalu kuuwa. Sanatero. Anagwada m'matope a phulusawo, n'kumayesa kutola kadiresi kaja. Kanali katanyowa, kankang'ambika m'zala zawo, iwo n'kumakalumikiza, kakung'ambikabe. Ndinatenga mpango wanga n'kumapita, ndikudziona ngati mayi amene wapulumutsa mwana.

M'mawa mwake Che Adamu anabwera kunyumba. Ulendo uno sankaseka, ndipo anakana mpando.

"Amake Tadala, mwachita chiyani? Ija ndi sadaka."

"Sadaka yanji yowotcha zovala za ana a eni?"

"Ya mwana wawo. Anali mmodzi yekhayo, mtsikana. Anamira mumtsinje kwawo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi uno iwo amati akufa amayendera abale awo, ndiye amawatumizira chakudya ndi zovala kudzera pamoto. Manda ali kutsidya kwa nyanja. Mumati mayi uja akalilire kuti?"

Iwe unali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimenecho. Koma pakamwa panga sipadziwa kugonja. Ndinati, "Nanga ankalekeranji kunena?"

"Ndi Chichewa chiti? Inu munawafunsa?"

Ndinamuuza mayi woferedwa kuti akadye ana a kwawo. Werenganso mzere umenewo, udziwe mayi ako.

Ndikanapita tsiku lomwelo kukagwada, mwina zikanathera pomwepo. Ndinapita kuntchito, inde, koma tinadula kabichi masabata awiri titafulatirana, mipeni yokha ikulankhula. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Kunena chilungamo kwa ena ndimatha, koma mawu akuti pepani ankandikanika. Ndiye kunabwera mphekesera zija za anamapopa kuchokera kumalire. Unali wamkulu ndithu, ukukumbuka mmene anthu ankagonera panja m'magulu, mlendo aliyense akumuyang'ana chikwama. Anthu ankafuna munthu woti amuloze chala, ndipo mawu anga anali atamera miyendo. Ndinawamva ndekha kumjigo, mayi wina akuti, "Ngakhale Fane amene amaphika nawo anawapezerera akukhwima kuseri kwa khichini." Ndinati bodza, ndinalakwitsa ndine, inali sadaka ya mwana wawo. Anandiseka. Anati Atchaina andidyetsa chibanzi. Mawu oipa anawalandira ulendo umodzi, abwinowo ndinawabwereza kakhumi osalowa.

Lachiwiri lina masana gulu linafika pageti ndi miyala. Umodzi unaswa zenera la khichini, galasi linawacheka Mayi Lini pachipumi, magazi mpaka pa epuloni. Ndinatuluka ndi chipande m'manja. Ndinawatchula anyamata aja mmodzimmodzi, mayina awo ndi a amayi awo, ndinawafunsa kuti ndani mwa iwo sanadyepo mpunga wotsala wa mayi ameneyu. Anaima kaye, mpaka apolisi anafika. Anthu ena mpaka lero amanditama kuti ndinalimba mtima tsiku limenelo. Asanditame. Ndinkazimitsa moto woyatsa ndekha. Ndinabwerera m'khichini, ndinawatsuka bala, ndinawamanga ndi nsalu yoyera. Nkhope zathu zinayandikana chonchi, mpweya wawo ndikuumva. Apo ndiye panali ponenera. Sindinanene. M'mawa ndinapeza atawasamutsira ku Blantyre.

Za miyalazo unamva. Chimene sunadziwe n'chakuti mwala woyamba ndinaponya ndine, ndi pakamwa. Mphekesera zitatha anthu anachita manyazi, nkhaniyo inakwiriridwa, nane ndinathandiza kufotsera.

Patapita masiku Che Adamu anabwera ndi kaphukusi kochokera ku Blantyre. Munali chikombole chathabwa choumbira makeke chija chimakhala pamwamba pa kabati, chimene ndimakukaniza kuti usasewere nacho. Munali keke imodzi yozungulira yamaluwa pamwamba, ndi kapepala aka. Ndipo pansi pake panali ulusi uja wa mitundu isanu. Pamene ndinadula anali atalumikiza ndi kamfundo kakang'ono, kaukhondo, ngati ka telala.

"Akuti lero ndi tsiku la mwezi wathunthu," anatero Che Adamu. "Kwawo banja lonse limakhala pamodzi, amadula keke mogwirizana ndi anthu a m'banjamo, ngakhale amene ali kutali amamusungira gawo lake. Akuti iyi mudule patatu. Inu, Tadala, ndi iwo. Akukwera ndege Loweruka. Ndikupita mawa, m'galimoto muli malo."

Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati ndili ndi kusosa kumunda. Kusosa! Munda umene uja wa mizere khumi ndi iwiri. Che Adamu anangoti, "Mayi, mapesi sathawa." Analiza galimoto. Kekeyo unadya iwe magawo awiri, ukunyambita zala, ine ndikukuuza kuti Amama Lini apita chifukwa kontrakiti yatha. Gawo lachitatu ndinalisunga m'chitini mpaka linachita nkhungu.

Ndiye tamvera zimene ndikukutuma. Tsiku la mwezi wathunthulo likupeza utangokhala masabata ochepa kumeneko, sukulu amatsekera. M'masitolo mudzadzaza makeke ozungulira aja, m'mapaki anthu adzakhala ndi nyali akuyang'ana kumwamba. Anzako adzakuitanira kokaona zimenezo mumzinda, ndipo n'zokongola ndithu, koma chaka chino uwauze kuti uli ndi ulendo. Tikiti ya sitima ugule msanga, imatha. Upemphe mnzako wa komweko akuwerengere bwino kapepalaka, pali manambala pansi pake, mwina ndi foni, muyambe mwaimba. Usapite chimanjamanja. Ndakuikira mapaketi awiri a tiyi wa kuno ndi kabokosi ka mkungudza kamene ndagula kwa osema a pa Likhubula. Tiyiyo adzamuseka, ankati ife timamupha ndi mkaka ndi shuga, koma fungo la mkungudzalo ankalikonda, ankaika kachidutswa m'zovala. Ukafuna kuwonjezera mphatso usagule wotchi, ndipo zinthu zisakhale zinayi, zonsezo kwawo zimakumbutsa imfa. Upereke ndi manja awiri. Akakana koyamba usabweze m'chikwama, ndi ulemu wawo, umirira mpaka alandire.

Ulusi uja uli m'kalata muno pamodzi ndi kapepala. Mkono wako wakula, mwina sukwana. Ngati sukwana uumange pa chala kapena pa batani, bola auone usanatsegule pakamwa.

Ndipo ukawauze mawu awa. Upemphe aphunzitsi ako akuthandize kuwaika m'chinenero chawo, uwaloweze pamtima ngati vesi. Usawakongoletse, usandichepetsere mlandu, usati mayi anga sankadziwa. Ukati: Fane akuti anazimitsa moto wa mwana wanu, ananena mawu oipa, ndipo mawu akewo ndiwo anabweretsa miyala. Akuti pepani. Akuti anachedwa zaka zisanu ndi zitatu chifukwa ndi wouma mutu, osati chifukwa anaiwala. Basi. Ukatero ukhale chete. Ndikudziwa kuti kukhala chete m'banja mwathu muno ndi ntchito yolemetsa kuposa kusenza katundu wa azungu kukwera phiri, koma uyesetse.

Akakutsekera chitseko, usayankhe. Ali ndi ufulu. Usiye mphatsoyo pakhomo, uwerame, uzipita, ndipo usawasungire chakukhosi, chitsekocho atsekera ine osati iwe. Ukapeza anasamuka, funsa oyandikana nawo, usatope ulendo umodzi. Ukapeza anatisiya, undiuze mosabisa, ndidzadziwa cholira.

Mkwiyo wangawu unayamwa, usakane. Ndinakuona mmene unamuyankhira mlembi uja potenga pasipoti, ndinachita kunyadira, kenaka ndinachita mantha. Kumene ukupitako Mayi Lini ndiwe. Ndiwe udzakhale ndi mawu makumi awiri pakati pa anthu a mawu zikwizikwi. Ena adzakuyang'anitsitsa m'sitima, ena adzafuna kugwira tsitsi lako, ana adzakuloza. Udzakazinga usipa wako anthu n'kutseka mphuno, udzaimba nyimbo ya kutchalitchi m'chipinda wina n'kuganiza zake. Tsiku lina wina adzakuimirira ndi ndowa yake ya madzi, asanafunse. Pamenepo ukakumbuke kuti munthu wa ndowayo mwina si woipa, mwina ndi wamantha chabe ngati mayi ako. Woipa weniweni umuyankhe, sindinabereke chitsiru, ndipo ukanene kwa akuluakulu a sukulu. Koma uyambe wasiyanitsa. Funsa usanakwiye, ndipo ukalakwa, pepesa dzuwa lomwelo. Pepani ali ngati mkaka, akagona amasasa.

Zina zing'onozing'ono. Mu Disembala pali tsiku limene usana umafupika kwambiri, amadya timakutu tija, akuti ukapanda kudya makutu ako amauma ndi chisanu. Udye, ako ndi aakulu ngati a malemu bambo ako, angawonongeke. Madzi akumwa amakonda otentha ngakhale kukutentha, usadabwe, sakukuyesa wodwala. Timitengo todyera usatizike choimirira mumpunga, amatero popereka kwa akufa. Ine ndinachitapo, Mayi Lini anandimenya pamkono ndi supuni, tsiku limenelo ndinaseka m'malo mokwiya, kaya kunagwa chiyani.

Ine kuno chikombole ndachitsitsa, ndachitsuka. Tsiku la mweziwo ndidzaphika keke yangayanga, m'kati ndidzaika nandolo wosinja ndi shuga popeza nyemba zawo zija kuno kulibe. Ikadzatuluka yopindika ndi yanga. Ndidzadula patatu. Akuti mwezi umayamba kufika kwanuko maola asanu ndi limodzi usanatulukire pamwamba pa phiri lathu, ndiye pamene ine ndizidzauona, iwe udzakhala utagogoda kale. Usandiimbire kuti undinamize. Ukangoti "alandira" kapena "akana", ndidzamva.

Chomaliza, ndipo ichi ndicho chenicheni. Kumayambiriro kwa Epulo ali ndi tsiku losesa manda. Mabanja amapita kumanda a abale awo, amazula udzu, amasesa, amatsuka mwala, amaika maluwa, monga timachitira ife polambula kumanda. Zaka zitatu zonse zija, tsiku limenelo Mayi Lini ankakhala duu, osakalipa ngakhale nditapsereza anyezi, ine n'kumati lero adzuka bwino. Sindinkadziwa kuti akuganiza za udzu umene ukumera pa mwana wawo. Ngati adzakulandire, uwapemphe kuti Epulo akubwerayu upite nawo. Ukafunse dzina la mtsikanayo, undilembere mmene limatchulidwira, chifukwa ndinalimva kamodzi kokha ndipo ndinalithira madzi. Tsache ukagule komweko, a pabwalo la ndege angakulande la kuno. Ukasese mmene ndinakuphunzitsira, kuyambira kumutu, m'makona monse, osasiya mizere. Tsiku limenelo palibe adzakutsomphole tsache m'manja. Ukawauze kuti manja ndi ako koma wosesa ndi Fane.

Za kuwotcha mapepala sindikukutuma, zimenezo ndi za iwo ndi mwana wawo. Koma akadzagwada kuti ayatse moto wawo, iwe uone kumene mphepo ikuchokera, ukaime mbali imeneyo, utambasule chitenje chako utchinge mphepoyo. Ulendo uno motowo usazime mpaka kadiresi konse kapse.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukukangana ndi wa kabaza. Ndasiyira pompa. Yenda bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako,
Fane